Mabulawuni a Achemwali

Achemwali anga anapita ku Amerika chimanga chili m'mawondo, anabwerako tisanakolole. Anapita kukaona alamu, amuna awo, amene anali kumeneko pa maphunziro. Koma mmene anatsikira minibasi pa Songani tsiku lobweralo, mukadaganiza kuti anabadwira konko, kuno angobwera kudzaona mmene amphawi amakhalira. Inali nthawi imene matipate anali atangoyamba, akazi atangololedwa kuvala mathalauza, ndipo achemwali ndiwo anali oyamba kudutsa atavala thalauza pamsika wathu, yofiira psuu, anyamata ogulitsa nzimbe akuimba malikhweru pambuyo. Chichewa chinkawalemera pakamwa. Ankatha kuloza lichero n'kufunsa kuti, "Paja ichi mumati chiyani?" Amayi ankayankha osacheuka n'komwe: "Ndi chomwe chija unkapetera mphale usanakwere ndege."

Tinabadwa atsikana atatu. Achemwali ndiwo oyamba, ndipo ankakhala ku Zomba m'nyumba ya magetsi. Ine wachiwiri ndinakwatiwa n'kumanga pafupi ndi amayi, kumunsi kwa msewu wopita ku Mishoni. Mng'ono wathu, chitsirizira, anali atangoyamba ntchito ya uphunzitsi pamene anapeza mnyamata wa ku Limbe, wofatsa ngati nkhosa, amene kwawo kunali galimoto. Galimotoyo ndi imene inatisowetsa mtendere. Uthenga utafika woti akuchimuna akubwera Loweruka kudzaona pakhomo ndi kukambirana za chinkhoswe, amayi anazira khonde kawiri, ndipo achemwali anabwera kudzatichititsa msonkhano pansi pa mtengo wa mapeyala.

Za nkhuku ndi mpunga tinagwirizana msanga. Nkhondo inabuka pa chomwera tiyi.

"Ndiphika chigumu," anatero amayi.

Achemwali anagwira pachifuwa. "Amayi, anthu a ku Limbe? Chigumu? Ndiye bwanji osangowapatsa chinangwa chowotcha, adziwiretu kuti mwana wawo akukwatira kutchire?"

"Nanga akukwatira kuti?"

"Ndidzapanga mabulawuni."

Tonse tinayang'anana. Achemwali anafotokoza, akukweza nsidze, kuti ndi keke ya chokoleti, yakuda, yodula timagawo ting'onoting'ono, imene ku Amerika munthu wolemekezeka sangalandire mlendo popanda imeneyo. Anati adzaphikira kwawo mu uvuni wa magetsi n'kubwera nayo m'mawa wa tsikulo. Amayi anang'ung'udza m'Chilomwe, chimene ankachisungira nthawi yofuna kutukwana munthu ali pomwepo.

Muyenera kuwadziwa amayi. Sanali munthu wodzichepetsa ayi. Chigumu chawo chinkatchuka kuyambira kwathu mpaka ku Naisi chifukwa chofufuma, ndipo iwo ankayenda ngati anachita kulandira mphatso imeneyo paphiri. Ankakhulupirira Mulungu, kenako soda. Soda m'therere, soda m'nyemba, soda m'madzi mukadandaula chilungulira. Kwa iwo chinthu chophika chimene sichinakweze chivindikiro chinali manyazi a banja lonse.

Loweruka m'mamawa, mame asanakamuke, tinangoona achemwali akutsetsereka kuchokera kumsewu, chikwama kumutu ngati munthu wamba, thukuta kamukamu. Magetsi ku Zomba anali atazima kuyambira dzulo lake. M'chikwamamo munali fulawa, shuga, majarini, mazira, ndi chitini cha koko chimene anagula kwa amwenye. Keke munalibe.

"Tiphikira pano," anatero. "Muli ndi chiyani?"

"Tili ndi tchire," anayankha amayi.

Tinayatsa mbaula kuseri kwa khitchini. Uvuni wathu unali uja wa masiku onse: sefuliya yaikulu, mchenga pansi pake, chiwaya cha keke pamwamba pa mchengawo, ndiye chivindikiro cha lata chosanjikapo makala amoto. Ine ndinakazinga mtedza n'kuusinja pang'ono, poti achemwali anati kumeneko amathiramo mtedza wina wake wa makwinya umene kuno kulibe. Kenako tinaima, tikudikira kuti katswiri ayambe. Katswiri anayang'ana fulawa, anayang'ana koko, anawerenga zolembedwa pachitini mpaka kuseri kwake.

"Achemwali," ndinafunsa chapansipansi, "munaphikapo?"

Anayang'ana uku ndi uku kaye. "Kumeneko ufa wake umabwera m'kabokosi, zonse zosakaniza kale. Umangothira dzira ndi madzi."

"Ndiye kabokosiko kali kuti?"

"Kali ku Amerika! Usandifunse zopusa. Ndinadya kambirimbiri, lilime langa likudziwa."

Anasungunula majarini, anathiramo shuga wochuluka moti amayi anatseka maso ngati akuona ngozi ya pamsewu, anaswera mazira, kenako koko. Fulawa anangothira pang'ono. Phalalo linali lakuda bii, lonyezimira, lolemera pamthiko. Fungo lake linali lachilendo pakhomo pathu, ndipo ngakhale nkhuku zinasendera.

"Soda?" anafunsa amayi.

"Ayi. Sathira."

"Isiti?"

"Amayi, mabulawuni safufuma."

"Ndiye ukupanga njerwa."

Achemwali anapita kukasamba m'manja kumgolo. Amayi anamasula mfundo ya pansonga ya chitenje chawo, anatulutsa kapepala, n'kukhuthulira soda yense m'phalamo, osati wa pansonga ya supuni ayi, koma wokwanira kufewetsa nyemba za pamaliro. Anatakasa msangamsanga n'kundiponyera diso limodzi. Diso limenelo ndinkalidziwa kuyambira ndili wakhanda. Ndinayamba kukonza makala.

Sipanapite nthawi, chivindikiro chinayamba kunyamuka chokha. Makala anagubuduzika n'kugwera pansi, chinthu chakuda chikusuzumira m'mbali ngati chikufuna kutuluka chikaone dziko. Amayi anaomba m'manja.

"Waona? Yadzuka!"

Achemwali anabenthula kachidutswa, anaika pakamwa, ndipo nkhope yawo inakwinyika ngati ya mwana womwetsedwa kwinini. Analavulira kumpanda. Inenso ndinalawa. Inali yowawa, yonunkha sopo wochapira, ndipo inkasiya kukhosi kukuyabwa. Chichewa cha achemwali chinabwerera chonse tsiku limenelo, ndi mawu ena amene sindinkadziwa kuti amawadziwa. Amayi anangoti, "Ine ndakuthandiza. Ukanachita manyazi."

Koko anali atatsala theka la chitini. Mazira anali atatha, choncho achemwali analowa okha m'khola, thalauza ndi zonse, n'kulanda mazira a nkhuku ya mawanga imene amayi ankaisungira kuti ifungatire. Nkhukuyo inawajompha padzanja, amayi anaiyamikira. Ulendo wachiwiriwu achemwali sanachoke. Anagubuduza mtondo, anakhalapo pafupi ndi mbaula, mthiko m'manja ngati mlonda wa pasitolo, utsi ukuwaliza misozi. Makala apamwamba ankachepetsa okha, akupsa zala, osalola munthu kuyandikira.

Atavundukula, kekeyo inali yafulati, yosakwera ngakhale pang'ono. Pamwamba pake panali kakhungu kopyapyala konyezimira, kong'ambikang'ambika ngati dothi la padambo m'chilimwe. Anaidikira kuti izizire, anadula pakona, analawa. Kenako anandiyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerere sanali kuchita sewero.

"Ndi yomweyi," anatero motsitsa mawu. "Mwana wa amayi, ndi yomweyi ndithu."

Nthawi yomweyo ana a m'mudzi anayamba kukuwa kumsewu kuti galimoto, galimoto. Achemwali anadziyang'ana: phulusa m'tsitsi, manthongo a utsi m'maso, zitosi za nkhuku pabondo. Anathamangira kubafa, akundikuwira kuti ndidule timagawo tofanana ndiike m'mbale yadothi ija ya maluwa.

Sindinafike n'komwe pampeni. Amayi anali ataima kale pachiwayapo ndi kaudzu kouma m'manja. Anabaya pakati, anazula, kaudzuko kanatuluka konata.

"Yaiwisi."

"Amayi, akuti imakhala choncho."

"Akuti ndani? Ukufuna anthu akatsegule m'mimba pa Namadzi, azikati tinawadyetsa phala losapsa? Mwana wanga asakwatiwe chifukwa cha matope awa?"

Ananyamula chiwayacho, anakachiika m'khitchini pansi, n'kuvundikira dengu. Kenako anatenga chiphiri chija cha soda, anapala popserera ndi mpeni, anachidula mabwinobwino, n'kuyala m'mbale ya maluwa. Kunena zoona, m'mbalemo inkaoneka bwino, yaitali, yonyada. Chikomekome cha nkhuyu. Anaphimba ndi kansalu koluka n'kukaika okha patebulo, alendo akupatsidwa mipando.

Anabwera anthu atatu. Mnyamata mwiniwake, atavala jekete pa dzuwa limenelo. Amalume ake, mkulu wonenepa wa mawu ochepa, amene ndiye anali nkhoswe. Ndiye amayi ake a mnyamatayo. Mayi ameneyu analowa m'nyumba mwathu mafuta onunkhira atatsogola kale, wigi kumutu, chikwama chonyezimira pamkono, akuyang'ana kudenga ngati akuwerenga mabowo a malata. Ankapita ku Joni kukaoda katundu, ndipo tinadziwa zimenezi asanamalize kupereka moni. Kumbali yathu kunali amalume athu, mlongo wawo wa amayi, amene anali atabwereka tayi.

Achemwali analowa tiyi atathiridwa kale, atavala diresi la ku Amerika, akumwetulira. Anapereka moni wa m'mphuno, anakhala, n'kuyamba: "Takukonzerani kenakake kakang'ono kamene ndinaphunzira ndili kunja. Amati mabulawuni." Anachotsa kansalu kaja ndi zala ziwiri.

Ndinali nditagwada pakhomo ndi ketulo, ndiye ndinaona nkhope yawo bwinobwino. Kumwetulira kunatsala pamalo pake, koma maso anafa. Anayang'ana amayi. Amayi anali akuyang'ana kalendala ya pakhoma.

"Aa, mabulawuni!" anafuula mayi wa ku Limbe. "Abale, mpaka kuno? Ine ndiye ndimafera amenewa. Ku Joni sindigona osadya."

Anatenga chigawo chachikulu, anapempha foloko, anadula, anaika pakamwa. Ndinaona nsagwada zawo zikuima, mtsempha wa pakhosi ukudzuka, diso lamanzere likuphethira lokha. Anameza ngati akumeza mwala. Achemwali anatsegula pakamwa, ndipo ndikhulupirira kuti akanaulula, akanati pepani pachitika kulakwitsa, yeniyeni ili kukhitchini. Koma mlendoyo anawatsogolera.

"Ndi omwewo," anatero, akupukuta milomo ndi kampango. "Enieni. Mukudziwa, mayi, anthu osayenda amaganiza kuti chokoleti chimatsekemera. Chenicheni chimawawa chonchi. Kapena ku Amerika n'zosiyana?"

Funsolo linali msampha, ndipo aliyense mwa awiriwa ankaopa kuti mnzakeyo ndiye akudziwa zoona. Achemwali akanati n'zosiyana, ndiye kuti akunena apongozi a mng'ono wawo kuti ndi abodza, pamaso pa ankhoswe. Komanso, mwina pansi pa mtima anayamba kukayika kuti kaya ku Joni amadyadi zowawa.

"N'chimodzimodzi," anatero achemwali. "Kumenekonso amakonda owawa."

"Mwaona? Ife oyenda timadziwana."

Basi, mlandu unathera pomwepo. Panalibenso amene akanafuna kukhala munthu wosayenda. Amalume athu, amene ulendo wawo wautali unali wa ku Liwonde, anatafuna akugwedeza mutu, misozi ili lengelenge, n'kunena kuti zinthu za azungu zimamveka kuti ndi zamankhwala, zopatsa thanzi. Amalume a mnyamata ankaluma pang'ono, n'kuthira tiyi pamwamba, kuluma, kuthira tiyi, mpaka ndinapita kukawiritsa ketulo ina. Mnyamata uja, pofuna kusonyeza chikondi, anamaliza chigawo chake n'kutenganso china. Thukuta linkatsika m'khosi mwake kulowa m'jekete. Achemwali nawo anayenera kudya, poti mwini keke sangakhale osalawa, ndipo mlendo uja anawasankhira yekha chigawo chonenepa.

Amayi okha ndiwo sanadye. Anati mano akuwavuta.

Akuluakulu atayamba nkhani zawo, ine ndi mng'ono wanga tinatuluka. Tinalowa m'khitchini, tinavundukula dengu, tinakhala pansi ndi supuni imodzi. Sindinadyepo chinthu ngati chimenecho. Kakhungu kapamwamba kankaphwanyika pamano, m'kati muli mofewa, molemera, monata pang'ono, kutsekemera kwake kobwera ndi kakuwawa kakutali kokoma, mtedza ukukukutika apo ndi apo. Tinadya tikulandirana supuni. Titafika pakati pa chiwaya, mng'ono wanga anaseka mpaka kutsamwa.

"Achemwali, ndiye apongozi angawo ndi abodza chonchi?" anandifunsa.

"Ukawazolowera. Kwanu kuno wakulira pakati pa otani?"

Tinawasiyira achemwali mbali imodzi. Alendo atapita anabwera n'kudyera choimirira, osatiyang'ana, kenako anakatenga chikwama chawo n'kupita kumsewu osatsanzika amayi.

Tinkaganiza kuti zathera pomwepo. Koma pokonzekera ukwati, uthenga unabwera kuchokera ku Limbe: apongozi akuti pa madyerero pasakalephere mabulawuni aja, awauza kale anzawo onse. Achemwali anaona mpata wokonza mbiri yawo. Anaphika ena mu uvuni wawo wa magetsi, abwinobwino, n'kupatsira mnyamata uja kuti amayi ake akalawe. Yankho linabwera ndi mnyamata yemweyo, akuyang'ana pansi, akupotokola chipewa m'manja. Amayi akuti zikomo, koma awa sanapse, komanso achuluka shuga ngati a ana. Akuti mupange enieni aja a tsiku lija.

Amayi anamva uthengawo ali pakhonde. Sanaseke. Anangokonza mpango wawo kumutu n'kunena kuti, "Uwauze asade nkhawa, mwana wanga. Tiwapangira."

Kuyambira tsiku limenelo katswiri wa mabulawuni m'chigwa chonse cha Domasi anali amayi. Sabata ya ukwati anasonkhanitsa amayi anzawo a kutchalitchi, mbaula zili ndandanda pabwalo, iwo akuyendayenda pakati ngati sing'anga wamkulu m'chipatala, akulangiza kuti chinsinsi chake ndi kusaumira soda. Mawu oti mabulawuni ankawavuta, ankati mabulauzi, ndipo gulu lonse linatengera pomwepo. Achemwali, mwini Amerika, anapatsidwa ntchito yokupiza moto. Anayesa kamodzi kunena kuti si mmene amapangira, mayi wina wachikulire anawadula: "Iwe, asiye amako. A ku Limbe anavomereza za amako, zako anabweza."

Pa ukwatiwo wolengeza anaimitsa nyimbo n'kuuza anthu kuti chimene chikubwerachi sichinadyedwepo m'boma lonse la Zomba, ndi chakudya cha m'ndege. Anthu anaimba nthungululu. Atsikana anazungulira ndi malichero, aliyense analandira kagawo kake. Ndinaima pambali n'kumayang'ana holo yonse ikuluma nthawi imodzi. Kunagwa bata ngati abusa ati tipemphere. Kenako apongozi a ku Limbe, ali kutebulo lapamwamba, anakweza foloko n'kunena mokweza kuti, "Enieni!" Ndipo holo yonse inavomera. Ndinaona anthu ambiri akukulunga magawo awo m'timapepala ndi m'mipango, akuti akawapatse ana kunyumba nawonso alaweko za kunja.

M'mawa mwake linali Lamulungu. Ine ndi amayi tinatsika kanjira kodutsa m'minda kupita kutchalitchi, kanjira komwe anthu a kuukwati anabwerera dzulo lake. M'udzu, mbali zonse ziwiri, munali timagawo takuda, tina tolumidwa kamodzi, tina tili m'mapepala momwe. Pamlatho wa mitengo tinapeza mulu ndithu, ngati anthu anachita kupangana. Mbuzi ya aneba inali pomwepo. Inanunkhiza kagawo kamodzi, inayetsemula, n'kupita kukadya pepala.

Amayi ankayenda patsogolo, Baibulo m'manja, khosi lili chilili. Sindikudziwa ngati sanaone kapena anasankha kusaona.

Pakhomo la tchalitchi amayi aja anatizungulira, omwe aja a m'kanjira.

"Koma mabulauzi aja, mayi! Ana anachita kulimbirana."

"Kwathu bambo sanagone, akuti bwanji sunatenge awiri."

Amayi analandira mayamikowo akugwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene anazolowera. Atatha onse, anakweza dzanja.

"Musadandaule, anzanga. Koko watsala wambiri. Pa Khirisimasi ndiphikira mpingo wonse, ndipo tidzadyera pompano, pamodzi, ine ndikuona."

Belu linalira. Amayi analowa, anzawo aja anatsala panja kanthawi, akuyang'anana.